Chithunzi cha bambo athu chabwera ndi tsaya lobiriwira: ndimalize kulipira?

Nachisale77
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru ndisanapse mtima n'kulankhula zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Bambo athu anatisiya chaka chatha, ndiye ine ndi azichimwene anga tinasonkherana kuti tikonzetse chithunzi chawo chachikulu cha penti wamafuta, tikapachike pabalaza kwa mayi. Tinapeza mnyamata wojambula pamanja, tinamupatsa foto yooneka bwino ya tsiku la ukwati wa mng'ono wanga, bambo ali m'suti yawo yakuda. Theka la ndalama tinaperekeratu. Dzulo wabweretsa. Suti ilipo, chipewa chilipo, koma nkhope! Tsaya lina lobiriwira, lina lachikasu, mphuno ndi mzere umodzi wokha wotsika kuchokera pachipumi. Nditamufunsa akuti imeneyo ndiyo "modern art", akuti kujambula munthu ndendende n'zachikale, ntchito imeneyo anaisiyira kamera. Mayi atachiona anakhala duu, kenako n'kufunsa kuti, "Mwandibweretsera ndani?" Tsono ndipereke theka lotsalalo? Nanga zoti akatswiri anasiya kujambula munthu mofanana ndi nkhope yake n'zoona, kapena mnyamatayu akungobisa kulephera kwake?

Joni_Boy
Musalipire achemwali. Ameneyo sadziwa kujambula, wangopeza Chingerezi chobisalamo.

MaiWaTwins
Pepani ndi imfa ya bambo. Ine mawu a mayiwo andilasa mtima. Ngati mkazi amene wakhala ndi munthu zaka zonsezo sakumuzindikira, chatsala n'chiyani choti tikambirane?

WaBurashi
Ine ndimadya za burashi, ndiye mundilole ndiime pakati. Zobiriwira pankhope si misala ayi. Khungu la munthu wakuda mukaliyang'anitsitsa padzuwa simupezapo mtundu umodzi. Pachipumi pamanyezimira buluu wa kumwamba, pansi pa chibwano pamabisala kufiira kozama, m'mbali mwa mphuno mumagwa mthunzi wopendekera kobiriwira. Wojambula amene amangofinya bulawuni m'chubu n'kupaka nkhope yonse amatulutsa chidole. Ife timayamba ndi penti wosungunula kwambiri ndi turpentine, mankhwala osungunulira penti, kungoika pamene pali mdima ndi pamene pali kuwala. Akauma timaonjezera wina wamafuta ochulukirapo pamwamba, kenako wina. Mitundu yonseyo imalowamo, koma mwini wake akaima chapatali amangoona bambo ake, saona zobiriwirazo.

Pamene mnyamatayo walakwa ndi apa: munamupatsa foto n'kunena kuti tikufuna bambo athu. Iye anayenera kunena asanagwire burashi kuti ine ndimajambula mwakutimwakuti, ngati simukufuna pitani kwa wina. Kodi ntchito zake zina munaziona musanapereke ndalama?

Nachisale77
Tinaona ziwiri pafoni, a WaBurashi. Zinali za amayi osenza mitolo ya nkhuni, atatembenukira uko, nkhope osaoneka n'komwe. Za mitundu sananenepo kanthu.

MphunzitsiWopuma
Mayi Nachisale, funso lanu lachiwiri lija lili ndi yankho, ndipo mnyamatayo wanena zoona theka lokha. Penti wamafuta anafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1400 chifukwa chenichenicho chofuna kuti munthu afanane. Poyamba ankasakaniza ufa wa utoto ndi chachikasu cha m'dzira, ndipo unkauma wojambula asanasalaze. Mafuta a njere za fulakesi amachedwa kuuma, amatenga masiku, ndiye munthu amatha kulowetsa mthunzi m'kuwala pang'onopang'ono mpaka tsaya lizioneka kuti mkati mwake mukuyenda magazi. Jan van Eyck, amene ankagwira ntchito ku Bruges, mzinda wa ku Belgium, anaonetsa zimenezi mu 1434 pojambula wamalonda wina wa banja la Arnolfini ndi mkazi wake. Kuchokera pamenepo, kwa zaka 400, mfumu, papa kapena mpondamatiki wofuna kuti adzukulu adzaone nkhope yake analibe njira ina koma kukhala pampando n'kulipira wojambula.

Mu 1839 ku Paris analengeza njira ya Louis Daguerre yogwira chithunzi ndi kamera. Pofika m'ma 1860 anthu wamba ankangolowa m'situdiyo n'kutuluka ndi timafoto tating'ono togawira abale. Oyamba kugwa njala anali ojambula tinkhope tating'onoting'ono toika m'zibangili ndi m'matumba, ndipo ambiri a iwo anataya burashi n'kugula kamera. Otsalawo anayamba kudzifunsa kuti n'chiyani chimene penti angachite chimene makinawa sangathe. Chionetsero choyamba cha Monet, Renoir, Degas ndi anzawo mu 1874 chinachitikira m'nyumba imene inali situdiyo ya wojambula ndi kamera, Nadar. Mu 1905 Henri Matisse anajambula mkazi wake Amélie ndi mzere wobiriwira wotsika kuchokera pachipumi kudutsa pamphuno, tsaya lina lachikasu, lina lofiirira. Chithunzicho chili ku Copenhagen. Mmene mwafotokozeramu, ndikukhulupirira kuti mnyamata wanuyo anachiona penapake n'kuchikonda. Koma onetsetsani, uyo anali mkazi wake wa Matisse. Palibe mwana wamasiye anamusonkherera ndalama.

Chikondi_Leeds
Aphunzitsi, cha Arnolfinicho ndinachiona ndi maso anga ku National Gallery ku London, polowa salipiritsa. Ndinkayembekezera chinthu chodzadza khoma, koma n'chaching'ono, sichifika ndi mita imodzi yomwe m'litali. Kumbuyo kwa awiriwo kuli kagalasi kozungulira, ndipo mukasendera pafupi mumaona misana yawo m'galasimo komanso anthu ena awiri ataima pakhomo. Pali kagalu pansi, malalanje pafupi ndi zenera, kandulo imodzi yokha ikuyaka masanasana. Pamwamba pa galasi analemba pakhoma m'Chilatini kuti Jan van Eyck anali pano, 1434. Chimene chinandiseketsa ndi nkhope ya bamboyo. Yotuwa, maso ofooka, chipewa chachikulu kuposa mutu. Wojambulayo sanamukometse olo pang'ono, ndipo mwini wake analipira.

Mlonda_wa_Usiku
Musatinamize kuti akale ankanena zoona zokhazokha. Mu 1539 mfumu Henry VIII ya ku England inatuma Hans Holbein kukajambula Anne of Cleves kuti imuone isanamukwatire. Chithunzi chinabwera, mfumu inavomera. Mkazi atafika, mfumu inati si zimene ndinkayembekezera. Anakwatirana mu Januwale 1540, pofika Julaye ukwati watha. Holbein anapitiriza ntchito yake bwinobwino, amene anadulidwa mutu ndi Thomas Cromwell yemwe anayendetsa za ukwatiwo.

Joni_Boy
Kkkkk ankhoswe mwamva? Wojambula ali phee, wophedwa ndi nkhoswe.

Kalulu_wa_Zomba
A MphunzitsiWopuma, ndi ulemu wonse, nkhani ya kamerayi imanenedwa kwambiri koma siikwana. John Singer Sargent anabadwa mu 1856, kamera ilipo kale, koma analemera ndi kujambula nkhope za anthu andalama a ku London ndi ku Boston, mofanana ndendende, mpaka cha m'ma 1907 pamene anatopa nazo yekha. Kamera ikanakhala kuti inapha ntchitoyi, iyeyu akanadya chiyani?

Chimene chinasintha kwambiri ndi wogula. Kale wolipira anali yemweyo wokhala pampando, ndiye wojambula ankayenera kumusangalatsa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ku Paris kunadzuka amalonda ogula zithunzi kwa ojambula n'kukagulitsa kwa ena, monga Paul Durand-Ruel, Ambroise Vollard, kenako Daniel-Henry Kahnweiler. Wogula kwa amalondawa sankamudziwa munthu wojambulidwayo, ndiye za kufanana analibe nazo ntchito, ankagula dzanja la wojambula. Tayang'anani kuti nkhope za m'zithunzi zotchuka za nthawi imeneyo ndi za yani. Cézanne anajambula mkazi wake Hortense kambirimbiri, ndipo mu 1899 anajambula Vollard yemweyo, amene ananena yekha kuti anakhala pampando maulendo 115 koma chithunzi osatha, padzanja panatsala timalo tiwiri topanda penti. Van Gogh anadzijambula yekha koposa ka 30 chifukwa analibe ndalama zolipira munthu woti amukhalire, ndipo ku Arles ankajambula mnzake wa positi, Joseph Roulin, ndi banja lake. Mu 1910 Picasso anaphwanya nkhope ya Kahnweiler kukhala tizidutswa totuwa moti mumafufuza kuti mupeze tsitsi ndi manja. Akazi awo, anzawo, amalonda awo, eni ake. Anthu oti sangabwere kudzafuna ndalama zawo.

MphunzitsiWopuma
Za amalondazo sindikukana, a Kalulu, koma Sargent ankajambula anthu angati? Apamwamba okhaokha, oti foto kwa iwo inali yotchipa kwambiri moti sinkaonetsa ulemerero wawo. Kalaliki, mwini golosale, msilikali wopita kunkhondo, onsewo anapita kusitudiyo. Msika wapansi ndi wapakati unatha, ndipo n'kumene ojambula ambiri ankadyera. Ndiye muonjezerepo chubu. John Goffe Rand, Mmereka amene nayenso ankajambula nkhope, ndiye anatulukira chubu cha penti chofinya mu 1841. Kale penti ankasungidwa m'chikhodzodzo cha nkhumba, ukaboola ayenera kutha msanga. Chubu chinatulutsa ojambula panja, ndipo mafakitale anabweretsa mitundu yowala imene kale kunalibe kapena inali yodula. Buluu wa ultramarine ankachokera ku mwala wokumbidwa ku Afghanistan, wodula zedi, mpaka anapeza njira yomupanga m'ma 1820. Munthu ukam'patsa mitundu yotchipa yowala chonchi, n'kumuchotsera udindo wofananitsa, ukuyembekezera kuti achita chiyani?

MaiWaTwins
Akuluakulu, sukulu tailandira, zikomo. Koma mayi a Nachisale akudikira amuna awo pakhoma.

Kalulu_wa_Zomba
Tikubwera komweko mayi. Pali nkhani imodzi imene ojambula a masiku ano amakonda kudzitchinjiriza nayo. Picasso anayamba kujambula Gertrude Stein, mlembi wa ku America wokhala ku Paris, mu 1905. Mayiyo ananena kuti anamukhalira maulendo 80 kapena 90. Tsiku lina Picasso anafuta nkhope yonse, n'kupita kwawo ku Spain, kumudzi wa Gósol kumapiri. Atabwerako mu 1906 anajambula nkhopeyo mayiyo palibe, n'kutuluka youma gwa, diso lina lalikulu lina laling'ono. Anthu atati sakufanana, akuti anayankha kuti adzafanana nacho. Stein anachikonda, anachisunga mpaka imfa yake mu 1946 n'kuchisiyira Metropolitan Museum ku New York. Koma chinali mphatso, sanagule. Ndipo anali moyo, anatha kudzionera yekha n'kuvomera. Bambo a Nachisale sangavomere kapena kukana, owalankhulira ndi mayi.

Mwana_wa_Dedza
Zoti Picasso anatengera nkhope zoumazo ku zigoba za kuno ku Africa bwanji simukunena? Azungu anaba luso lathu n'kulitcha modern, lero mwana wa ku Malawi akulitengera kwa Mzungu n'kukaligulitsa kwa mayi wamasiye. Nkhope yosafanana ndi munthu koma yonena khalidwe lake ife tinali nayo kalekale. Pitani ku Mua, kumalo a KuNgoni amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, mukaone zigoba za gule zili m'nyumba ya Chamare. Chilichonse chili ndi khalidwe limene chikudzudzula kapena kuyamikira, ndipo mtundu wa utoto uli ndi tanthauzo.

Agogo_a_Nsaru
Mwana wa Dedza, za gule musazilowetse pa zithunzi za pabalaza. Zija si zigoba zosema munthu, ndi zilombo, ndipo zili ndi kwawo kokambira. Pano pali ana ndi osameta.

Mwana_wa_Dedza
Pepani agogo, sindinaulule za kudambwe, ndangotchula zimene aliyense wolowa m'nyumba ija amaona.

Kalulu_wa_Zomba
Tisiyanitse pang'ono. Nkhope ya Stein ija akatswiri amaigwirizanitsa ndi ziboliboli zakale za ku Spain komweko zimene Picasso anaona ku Louvre, nyumba yosungiramo zaluso ku Paris. Za ku Africa zinabwera mu 1907, atalowa m'nyumba yosungiramo zinthu ya Trocadéro ku Paris, mmene munadzaza zinthu zotengedwa m'maiko olamulidwa ndi atsamunda, ndipo chaka chomwecho anamaliza chithunzi chotchedwa Les Demoiselles d'Avignon, mmene akazi awiri a kudzanja lamanja ali ndi nkhope ngati zigoba. Zimene ojambula a ku Paris ankatola nthawi imeneyo zambiri zinali za ku Gabon, Congo ndi Côte d'Ivoire. Mfundo yanu yoti anatenga maonekedwe n'kusiya tanthauzo ndi mayina a osema, pamenepo ndili nanu.

Joni_Boy
Ine ndimangodziwa kuti Rose Chibambo wa pa K200 akanakhala ndi tsaya lobiriwira, wa minibasi akanakana ndalamayo.

WaBurashi
Achimwene a ku Joni, ntchito ya chithunzi cha pandalama ndi yoti muzindikire msanga, n'chimodzimodzi cha pa ID. Koma chithunzi cha penti chikangochita zimene foto yachita kale, mwalipiriranji? Anthu amabwera kwa ine ndi foto ya pafoni, amafuna ndikope mpaka kuwala kwa fulashi pachipumi. Kuli bwino angopita kukaikulitsa n'kuika m'felemu, n'zotchipa. Chimene burashi imatha ndi kusankha. Munthu amene ndikumujambula ndimafuna ndidziwe mmene ankakhalira pampando, ngati ankapendeketsa mutu akamamvetsera, ngati ankaseka ndi maso kapena ndi mano. Foto ya paukwati munthu amakhala ataumitsa khosi, kolala ikumutsamwitsa. Mwina ngakhale mnyamatayo akanakopa ndendende, mayi akanati suti ndi yawo koma iwowo si amenewa.

Mlonda_wa_Usiku
Kukana chithunzi si umbuli, achemwali, musaope. Mu 1954 aphungu a nyumba za malamulo ku Britain anasonkha ndalama kuti Graham Sutherland ajambule Winston Churchill, nduna yaikulu ya dzikolo nthawi imeneyo, pokwanitsa zaka 80. Anamujambula monga analili, nkhalamba yolemera thupi itatitimira pampando. Churchill anadana nacho, ndipo pamwambo wochilandira anachinyogodola pamaso pa anthu kuti n'chitsanzo chodabwitsa cha modern art, anthu n'kuseka. Anapita nacho kunyumba, sichinapachikidwe, ndipo chinawonongedwa mwakachetechete. Dziko linadzamva mu 1978, mkazi wake atamwalira.

Chikondi_Leeds
Koma pamenepo vuto linali loti chinafanana mopitirira, osati kusafanana. Bamboyo ankafuna aoneke ngwazi ya nkhondo, wojambula anaona agogo. Kuno mkanganowu sunathe mpaka pano. Mu 2024 anavundukula chithunzi cha King Charles chojambula Jonathan Yeo, chonse psuu, yunifolomu yofiira ikusungunukira m'kufiira kwa kumbuyo, kagulugufe paphewa. Kuntchito kwathu anthu anakangana sabata yonse, ena amati magazi, ena amati moto. Koma nkhope yokhayo anaisiya yooneka, aliyense amazindikira kuti ndi Charles. Ndiye ngakhale amene amasewera ndi mitundu, akalipidwa kuti ajambule munthu wakutiwakuti, nkhope amaisunga.

Nachisale77
Zikomo nonse, ndawerenga mpaka foni kutentha. Ndamuimbira mnyamatayo. Poyamba anakwiya, akuti ifeyo sitidziwa luso. Ndamufunsa funso la a WaBurashi lija, kuti bwanji sunatiuze usanayambe, wakhala chete. Kenako wavomera kuti nkhope za anthu akuluakulu zimamuvuta, makamaka makwinya ndi kuzungulira maso, ndipo fotoyo inali ndi mthunzi wa chipewa. Wapempha mafoto ena. Chodabwitsa n'chakuti achimwene anga aakulu akuti chobiriwiracho achikonda, akuti mmene mapewa akhalira ndi bambo enieni, akufuna apite nacho kwawo. Ndiye panopa mkangano wasamukira m'banja.

Joni_Boy
Ndinanena ine. Sadziwa. Modern art my foot.

MphunzitsiWopuma
Mwana wa ku Joni, pamenepa wapambana, koma usanyade kwambiri. Amene anaphwanya nkhope ku Paris aja ankadziwa kuimanga. Picasso anali mwana wa mphunzitsi wa zojambula, ndipo ali ndi zaka 15 ankajambula anthu mofanana moti mungadabwe. Matisse anakhala nthawi yaitali ku Louvre akukopa ntchito za akale. Anasiya kufananitsa mwa kufuna kwawo. Vuto la ana athu ena n'lakuti amayambira kumapeto, amaona pa intaneti chithunzi cha 1905 n'kuganiza kuti chigaza, minofu ya nkhope ndi kaimidwe ka diso sizifunikanso kuphunzira.

Kalulu_wa_Zomba
Ndipo mnyamatayo akafuna kuphunzira khungu lakuda ndi penti wamafuta, aphunzitsi alipo. Ayang'ane Juan de Pareja wa Diego Velázquez, wojambulidwa ku Rome mu 1650. Pareja anali kapolo wa Velázquez yemweyo, wothandiza m'situdiyo, amene pambuyo pake anamasulidwa n'kukhala wojambula payekha. Mitundu ndi yochepa, bulawuni, wotuwa, kolala yoyera, koma munthuyo amakuyang'ana ngati akufuna umuyankhe. Ayang'anenso Ben Enwonwu wa ku Nigeria, chithunzi cha mtsikana wa banja lachifumu la mumzinda wa Ife chotchedwa Tutu, cha 1974, chimene chinasowa zaka zambiri n'kupezeka m'nyumba ina ku London, ndipo chinagulitsidwa mu 2018 pamtengo wa mapaundi 1.2 miliyoni. Kapena Gerard Sekoto wa ku South Africa, amene anadzijambula yekha mu 1947, chaka chimene ananyamuka kupita ku Paris, nkhope ili ndi chikasu ndi zobiriwira koma ndi iyeyo basi. Mu 2018 momwemo Amy Sherald anajambula Michelle Obama ndi khungu lotuwa ngati la pa foto yakale, ndipo kunabukanso phokoso loti sakufanana. Nkhope ya penti sinafe ayi, kungoti aliyense woyitanitsa amayenera kudziwa dzanja limene akuitana.

MaiWaTwins
Chabwino, koma ndalama? Apereke kapena asapereke? Mwazungulira mpaka ku Rome.

WaBurashi
Maganizo anga ndi awa. Theka lotsalalo lisatuluke mpaka mayi aone amuna awo. Theka loyambalo musalifune, chinsalu, felemu ndi penti wadya kale, ndipo penti weniweni wa m'chubu ndi wodula, ambiri timachita kuitanitsa ku Joni. Ngati achimwene akufuna chobiriwiracho, agule payekha, mugwirizane mtengo, mnyamatayo ayambe china pachinsalu chatsopano. Mum'patse mafoto angapo, ena bambo ali pakhonde osadziwa kuti akujambulidwa. Ndipo asanapake penti akuonetseni nkhope ya pensulo kapena makala papepala, mayi aione, anene okha kuti chibwano chatalika kapena maso ayandikana. Wojambula amene amakana kuonetsa za pensulo, muthaweni.

Chinanso, achemwali, tanunkhizani chithunzicho ndipo mukhudze m'mbali ndi chala. Ngati anamaliza dzana koma chauma kale gwa n'kumanyezimira ngati chitseko, ameneyo si penti wa ojambula, ndi gulosi wa kuhadiweya.

Nachisale77
Ndakhudza. Pena pakumata pang'ono, chala chatenga zobiriwira.

WaBurashi
Ndiye ndi weniweni, pamenepo sanakuberani. Musachikute ndi pulasitiki kapena kuchiika m'galasi panopa, penti wamafuta amauma ndi mpweya. Chiimikeni pamalo opanda fumbi, nkhope itayang'ana kukhoma koma osagunda. Vanishi adzapake pakatha miyezi 6.

Mlonda_wa_Usiku
Koma a WaBurashi musanyoze gulosi. Picasso yemweyo ankagwiritsa ntchito penti wa nyumba wotchedwa Ripolin pa zithunzi zina. Ndipo anyamata ojambula mitu pa zikwangwani za ometa tsitsi m'misikamu amagwira ndi wa kuhadiweya yemweyo, koma mutu ukauona umadziwa kuti ndimetedwe chonchi.

WaBurashi
Sindikunyoza, inenso ndinayambira pa zikwangwani zomwezo ndi mabasi. Kungoti gulosi amauma msanga, sakupatsa mpata wosalaza tsaya, ndipo pachinsalu chopindika amachedwa pang'ono n'kuyamba kusweka. Munthu akalipira mtengo wa penti wa m'chubu apatsidwe wa m'chubu.

Chikondi_Leeds
Funso la umbuli: bwanji osangopaka nkhope ina pamwamba pa yobiriwirayo? Suti ndi chipewa akuti zili bwino. Sargent yemwe mwamutchula uja anachitapo zimenezo, chithunzi cha Madame X chitadzetsa mkwiyo ku Paris mu 1884 chifukwa lamba wa diresi anali atagwera paphewa, iye anadzamujambulanso ali m'malo mwake.

WaBurashi
N'zotheka, koma osati lero. Ukapaka pamwamba pa penti wosauma mkati, wapamwambayo amachita makwinya kapena kung'aluka, ndipo mizere ya burashi yakaleyo imaonekerabe pansi. Ayenera kudikira, kupala pamene pakhuthala, ndiye n'kuyambiranso. Kwa munthu amene wavomera yekha kuti maso amamuvuta, kuli bwino chinsalu choyera. Komanso achimwene aja achifuna kale chilili.

Agogo_a_Nsaru
Achimwenewo akachitenga akachipachike kwawo, asadzabwere nacho pa tsiku lomanga chiliza. Amalume a malemu akadzachiona padzafunika mbuzi.

Joni_Boy
Kkkk agogo mwatha. A WaBurashi, inbox. Ndikufuna cha ine ndemwe, koma muchotseko mimba.

WaBurashi
Mimba ndi mtengo wina, achimwene.